ANankhoma Aphunzira Kunena Kuti Basi

Nyumba ya aNankhoma ndi yathu zinalekanitsidwa ndi mtengo wa mango umodzi wokha, m'mudzi mwathu kwa Mwase, ndiye palibe amene angandiuze za mayi ameneyu. Pakanakhala munthu woti ndilumbirire kuti sadzagwira khadi la njuga mpaka kulowa m'manda, ndikanatchula iwowo. Dzina lawo la ubatizo linali Jemima, koma sindikumbukira munthu amene analimba mtima kuwaitana nalo. Anali aafupi, a mawu ochepa, oyenda mothamanga ngati asiya ndiwo pamoto. Amuna awo anamwalira ana akadali aang'ono, ndipo ana onsewo anawalera ndi mtedza. Ankalima, kusenda, kusinja nsinjiro, n'kusenza thumba mpaka kumsewu wopita ku boma ku Lundazi. Tsiku la chigwirizano cha amayi ankafika kutchalitchi oyamba, bulauzi ili mbee, n'kumayang'ana ife ochedwa popanda kunena kanthu. Kunali bwino akanangotikalipira.

Pa mwambo anali ouma kuposa chitsa. Kwathu mpongozi wamkazi ndi mkamwini wake amachitirana manyazi: sakhala pamphasa imodzi, sayang'anana kumaso, sapatsana chinthu pamanja, ndipo wina sadya mnzake akuona. Enafe tinayamba kale kuzifewetsa zimenezi, koma aNankhoma ayi. Ndinawaonapo akulumphira m'munda wa fodya, dengu lili pamutu, chifukwa mwamuna wa mwana wawo wamkulu anatulukira pa njinga m'njira yomweyo.

Mwana wawo wotsiriza, Brenda, ndiye anawabweretsera mkamwini wachilendo. Brenda anapita ku Lusaka kukaphunzira kusoka, n'kukwatiwa kumeneko ndi Darius, mwamuna wamtali, wa zala zazitali zosadziwa khasu. Darius anabadwira m'komboni ku Kabwe, makolo ake anamwalira kale, ndipo mudzi wa kwawo ankangoudziwa dzina. Ntchito yake inali yogawa makhadi pa tebulo la njuga mu hotelo ina yaikulu, atavala tayi wonga gulugufe. ANankhoma akafunsidwa ankati mkamwini wawo amagwira ntchito ya mapepala, ndipo sanali kunama.

Mu 1994 ntchito ija inatha, monga zinkathera ntchito za anthu ambiri zaka zimenezo. Awiriwo anatsika basi ndi sutikesi imodzi, onse atawonda, khanda lawo ataliika kale ku Lusaka. Palibe amene anatchula dzina la matenda amene anawawondetsa, ngakhale tonse tinali ndi maso. Brenda anamwalira titangokolola chimanga. Darius anatsala yekha m'kanyumba kamene alamu ake anawamangira, akutsokomola. Kuchipatala anamupatsa mankhwala a chifuwa chachikulu n'kumuuza kuti mankhwalawo safuna m'mimba mopanda kanthu. Koma Darius anasiya kudya. Sanakangane ndi munthu, sanalire mokweza, anangosiya. ANankhoma ankaphika phala lothira nsinjiro, n'kuliika pakona ya khonde lake, n'kubwerera. Madzulo ankapeza mbale ili momwemo, nyerere zikusangalala. Ndinkawaona akutaya phalalo kwa nkhuku, ndipo zinkandiwawa, chifukwa aliyense ankadziwa kuti munthu ameneyu akapitiriza chonchi mvula siidzamupeza.

M'nyumba imene ija munkamveka phokoso limodzi lokha kupatula chifuwa. Masana Darius ankakhala pamphasa pakhonde n'kumasakaniza makhadi ake, makhadiwo akulira ngati njiwa ikuuluka, n'kumadzigawira yekha. Tsiku lina aNankhoma atabweretsa phala sanabwerere. Anakhala pansi kuseri kwa kona, msana atatsamira chipupa cha m'mbali, pamene sakanaonana ndi mkamwini wawo koma akanamvana. Ine ndinali pansi pa mango ndikusenda mtedza, ndipo ndinkawaona onse awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, ngati anthu odana.

"Kodi eni nyumba akuchita chiyani na mapepalawo?" anafunsa aNankhoma, akuyang'ana kumunda.

Darius anasiya kusakaniza makhadi. "Ni gemu chabe, apongozi. Bulakijaki. Ena amati twente-wanu."

"Angandiphunzitse?"

Darius anaseka mpaka kutsokomola. Kanali koyamba kumumva akuseka chifikire. "Imwe apongozi? Ba chigwilizano?"

"Ndalama ine ndilibe, ndiye si njuga," anatero mayiwo. "Tibetchelana phala. Ndikapambana ine, eni nyumba adya supuni imodzi. Akapambana iwo, supuniyo ndidya ine."

Ndikuganiza kuti Darius anavomera chifukwa ankadziwa kuti apambana. Koma galu wamkota sakandira pachabe. ANankhoma anali atamva kwa malemu Brenda kuti mwamuna wake, pa zaka zonse za ku hotelo, sanabepo khadi ngakhale limodzi, ndipo ankanyadira zimenezo kuposa tayi uja. Munthu wotere akagonja amalipira.

Vuto loyamba linali lakuti makhadi ayenda bwanji pakati pa anthu osapatsana chinthu pamanja. ANankhoma anatenga lichero lakale, n'kulimanga luzi mbali ziwiri. Darius ankaikamo makhadi, iwo n'kukoka chingwe chawo, lichero n'kukhota pakona likukwekwereka pansi. Akamaliza, iye ankakoka chake. Makhadi a iye mwini ankawaika pansi pakona penipeni, pamene onse awiri akanawaona popanda kuonana. Supuni zinali ziwiri, mbale imodzi, nayo inkayenda pa lichero lomwelo.

Masewerawo si ovuta, ngakhale ine ndinawamva ndili pansi pa mango. Wogawa amakupatsa makhadi awiri, nayenso n'kutenga awiri, limodzi loonekera lina lovundikira. Khadi lililonse lili ndi nambala yake. A zithunzi, mfumu, mkazi wake ndi mnyamata wawo, onse ndi teni. Khadi la eyisi limakhala wanu kapena leveni, mmene zakukomera. Cholinga n'kuyandikira twente-wanu kuposa wogawayo, koma ukangopitirira wapsa, ndipo wagonja pomwepo. Ndiye wogawa amakufunsa ngati ukufuna khadi lina, iwe n'kusankha kutenga kapena kukana.

"Imwe muli na ufulu," anatero Darius. "Mungatenge, mungakane. Ine wogawa nilibe. Nikakhala na sikisitini olo pansi, nifunika kutenga, olo sinifuna. Nikafika seventini, naima. Ni lamulo."

Kuwerengera sikunawavute aNankhoma. Munthu wogulitsa nsinjiro pamsika kwa zaka zonsezo sangasokonezeke ndi seveni ndi naini. Chimene chinawagwetsa n'china. Lichero linabwera ndi teni ndi naini, makhadi abwino oti aliyense akanaima nawo.

"Mufuna ina, apongozi?" anafunsa Darius, monga ntchito yake inkafunira.

"Zikomo," anayankha aNankhoma, n'kuwomba m'manja pang'ono.

Khadi linabwera, iwo n'kulitola ndi manja awiri. Inali faifi.

"Mwapsa," anatero Darius.

Anadya supuni yawo. Ulendo wachiwiri anali ndi twente yathunthu, ndipo Darius atafunsa anatinso zikomo. Anapsanso. Tsiku limenelo phala lonse linathera m'mimba mwa wophika.

Darius anafotokoza, n'kufotokozanso. Anati kufunsako ndi mwambo wa pa tebulo chabe, si mphatso ayi. ANankhoma ankavomera kuti amva, ndipo anali atamvadi. Koma mkamwini akati kodi ndikupatseni, mpongozi wolera bwino ayankha bwanji kuti ayi? Kukana cha m'manja mwa mkamwini n'kumuuza kuti sukumufuna pamudzi. Mutu unkadziwa kuti naintini ndi wokwana, pakamwa n'kumati zikomo. Ankapambana pokhapokha makhadi awiri oyamba akakwana twente-wanu, pamene sipafunika funso, ndipo zimenezo zimabwera kamodzikamodzi ngati nyama ya ng'ombe.

Ndinawauza maganizo anga tikuchokera kudambo. Ndinati mayi, anthu ayamba kulankhula, akuti mayi wa chigwirizano akuchita njuga ndi mkamwini masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo choipa kwambiri n'chakuti mukunenepa ndinu. Sanaseke. Anandipempha kuti ndiwayese, ndiziwafunsa ngati wogawa. Tinakhala pamwala, ine n'kumati muli ndi eyitini, mufuna lina? Iwo n'kumati ayi, mosavuta konse. Kukana ine sikunawavutepo chibadwire. Koma mawa lake pakona paja anatinso zikomo, ndipo ndinawaona akumeza phala misozi ikutsikira m'mbale. Supuni iliyonse imene ankadya inali yolandidwa pakamwa pa wodwala, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa tonsefe.

Kenaka kunabwera mlongo wawo, aAmock, mwini mbumba, amene ankakhala kutsidya kwa mtsinje ndipo ankabwera pokhapokha pakakhala nkhani yoti aoneke wamkulu. Anatsamiritsa njinga pa mango wathu osapempha.

"Mwatandala uli, alongo?" anapereka moni, n'kulowa m'nkhani asanamve yankho. "Uyu munthu tamumeta kale, maliro anatha, mwana palibe. Timusudzule, timukweze basi apite kwao akali kuyenda. Akafela pano tizauza ndani?"

"Kwao n'kuti?" anafunsa aNankhoma.

"Izo ni zake. Ndibwelanso mwezi ukaoneka."

ANankhoma anali asanatsutsepo mlongo wawoyo pa chilichonse, ngakhale pamene anawagulitsira ng'ombe ya malemu amuna awo. AAmock anakwera njinga yawo akuoneka okhutira, ine ndikuwatukwana chamumtima.

Masana amenewo lichero linakodwa pa mwala pakona, ndipo Darius anatambasula mkono kuti alikonze. ANankhoma anali asanamuone ndi maso awo chiikire maliro a Brenda. Anaona mkono wokhawo, kuyambira pachigongono mpaka kuzala, wowonda ngati phesi la chimanga, wotchi itamangidwa ndi ulusi kuti isavuke. Mkonowo unabwerera kuseri. Lichero linafika ndi teni ndi eyiti.

"Mufuna ina, apongozi?"

Ndinasiya kusenda. Ndinawaona akutsegula pakamwa n'kutsekanso, manja atayamba kale kukonzekera kuwomba. Kenaka anawakhazika pamaondo.

"Basi," anatero, ngati atukwana m'tchalitchi.

Darius anavundukula khadi lake. Anali ndi teni ndi seveni, ndipo lamulo linamuimitsa pomwepo.

"Mwawina," anatero.

ANankhoma anaika mbale pa lichero. Kenaka ndinamva supuni ikugunda mbale. Darius anadya, nkhope itakwinyika ngati akumeza mchenga, koma anadya. Tsiku limenelo anadya kangapo. Mayiwo atabwerera kwawo anakhala pamtondo n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Atangodziwa kukana, anaphunzira msanga ngati mwana wa sukulu. Anazindikira kuti khadi loonekera la wogawa ndilo limakuuza zochita. Likakhala lalikulu, teni kapena chithunzi, uyenera kulimba mtima n'kutenga mpaka ufike pabwino. Likakhala faifi kapena sikisi, umaima ngakhale uli ndi thwelofu yokha, n'kumusiya wogawa atenge mokakamizika mpaka apse yekha. Anandiuza kuti chimenechi chinkawavuta mumtima, kukhala pansi n'kumapempherera kuti mkamwini wawo apse. Koma ankapemphera ndithu.

Komabe wogawa amapambana kawirikawiri, ndipo theka la phala linkabwererabe kwa iwo. Apa ndi pamene ndinaona kuti mayi wa chigwirizano nayenso ali ndi nzeru zake. Makhadi sanabepo, koma za kukula kwa supuni panalibe pangano. Supuni yawo inasanduka ya tiyi. Ya Darius inakula pang'onopang'ono mpaka tsiku lina pa lichero panabwera chipande.

"Apongozi, iyi ni supuni?" anafunsa Darius.

"Kuno kumudzi ndiyo supuni," anayankha aNankhoma, nkhope ili gwa.

M'phalamo munayamba kulowa mazira, nthawi zina mkaka wa kwa Angoni oweta ng'ombe, umene ankasinthanitsa ndi nsinjiro. Mwezi utaoneka aAmock anabweradi. Anapeza Darius akuyenda pabwalo ndi ndodo, ndipo anayamba kunena kuti wapeza bwino, basi angakwere tsopano. ANankhoma anawalola kuti amalize.

"Achimwene, basi," anatero. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Uyu sapita kulikonse."

AAmock anayang'ana ine ngati ndine ndinawaphunzitsa. Ndinangopitiriza kusenda mtedza wanga, mtima uli mbee.

Darius anamaliza mankhwala ake ndipo chifuwa chinaleka. Anakhala nafe mvula ziwiri zathunthu ali munthu. Khasu linamutupitsa matuza, mizere yake inali yokhota moti ana ankabwera kudzaiona, koma analima mtedza wake n'kukolola. Anafolera nyumba ya apongozi ake, iwo atathawira kwathu tsiku lonse kuti asakhale pansi mkamwini ali pamwamba. Pa maliro ankakumba nawo manda, pa ukwati ankasunga njinga za alendo. Manyazi sanathe ayi. Akakumana panjira, aNankhoma ankapatukabe kulowa m'tchire. Koma dzuwa likapendeka, ntchito zitatha, lichero linkakwekwereka pakona, ndipo ankabetcherana chilichonse chimene chinalipo, mbatata yootcha, chimanga chachiwisi, mango. Anthu anatopa n'kulankhula.

Matenda aja sanapite, anangogona. Chakumapeto kwa 1996 anadzukanso, ndipo ulendo uno kuchipatala anangomupatsa mankhwala ochepetsa ululu n'kumubweza. Zilonda zinatuluka m'kamwa. Anayamba kulephera kufika pakhonde, kenaka kulephera kukhala tsonga. ANankhoma ankakhalabe pakona ndi lichero, chingwe chinacho chili pansi popanda wochikoka.

Tsiku lina m'mawa anandiitana kuti ndiwaperekeze. Ndinkaganiza kuti akufuna ndilowetse phala, monga ndinkachitira masiku amenewo. Koma atafika pakona sanaime. Anakhota, n'kuponda pakhonde pamene sanapondepo, n'kuwerama kulowa m'nyumba ya mkamwini wawo, mbale ili m'manja. Ine ndinatsala pakhomo. Darius anayesa kutembenukira kukhoma, mwaulemu, koma thupi linakana.

"Usavutike, mwana wanga," anatero aNankhoma, n'kukhala pamphasa pake pomwepo. Anamuyang'ana kumaso nthawi yaitali. Ndikhulupirira kuti kanali koyamba kuona bwinobwino nkhope ya munthu amene anamudyetsa zaka ziwiri.

Makhadi anali kumutu kwake. Darius anayesa kuwasakaniza, koma anamwazika pabulangete. ANankhoma anawatola, n'kuwasakaniza mwa njira yawo, ngati akusankha nyemba. Anamuikira awiri pachifuwa, n'kudziikira awiri pamphasa, limodzi loonekera. Linali sikisi. Anamunyamulira ake kuti awaone: teni ndi thuu.

"Ufuna lina?" anafunsa.

Darius anamwetulira ndi milomo yosweka ija. "Lelo wogawa ndimwe," anatero motsitsa. "So ufulu uli na ine."

"Uli nawo."

"Basi, amai." Anapuma, n'kuyang'ana mbale ya phala. "Na iyo, basi. Nalema."

ANankhoma anavundukula khadi lawo. Linali teni, pamodzi sikisitini. Darius anali atatseka maso, ndipo mayiwo akanatha kunena nambala iliyonse imene akanafuna, n'kumukakamiza supuni ina imodzi. Ndinawaona akuyang'ana chipande chija, dzanja lili pamwamba pa makhadi. Anatenga khadi monga lamulo limanenera. Inali mfumu.

"Ndapsa," anatero.

Darius anatsegula maso. ANankhoma anatenga mbale n'kuiika pamiyendo pawo. Mayi amene analumphira m'munda wa fodya kuthawa mkamwini anadya phalalo pamaso pake, supuni ndi supuni mpaka kutha, dzanja lina atagwira zala zazitali zija. Sanamukakamizenso kudya, tsiku limenelo kapena masiku ochepa amene anatsala. Ankangomunyowetsa milomo ndi madzi akapempha.

Tinamuika pafupi ndi Brenda. M'nyumba ya siwa aNankhoma anakhala kumutu kwa bokosi, pamalo pa mayi wobereka, ndipo ngakhale aAmock sananene kanthu.